Mwala wa Nabanda Unasweka pa Boda

Ndinagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, ndipo palibe pepala limene ndinatayapo. Makalata a ntchito, malisiti a lendi, ziphaso zimene zinatha mphamvu kalekale, ngakhale timatikiti ta basi, zonse zili m'sutikesi yachitsulo, zomangidwa m'mitolo ndi mphira. Anzanga ankandiseka, n'kunditcha Kalaliki. Ndinkawasiya aseke. M'dziko la eni, munthu wopanda pepala ndi mbuzi yosochera, aliyense akhoza kuimanga chingwe n'kunena kuti ndi yake. Ndayamba ndi zimenezi kuti wowerenga asayese kuti awa ndi madandaulo a nkhalamba yoiwalaiwala. Zimene ndikulemba pano ndinaziona ndi maso anga, ndipo zambiri umboni wake ndili nawo.

Ndinkakhala ku Jeppestown, m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya owotcherera zitsulo. Tinali amuna anayi, tonse a kwathu, ndipo wamkulu mwa ife anali a Mbewe a ku Dedza, munthu wanthabwala amene ankapenta nyumba. Ine ndinkasamala maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Fourways. M'mawa uliwonse ndinkakwera mataxi awiri, n'kukaima pa geti kudikira kuti mlonda aimbire bwana asananditsegulire. Zaka zonsezo mlonda yemweyo ankandifunsa dzina ngati akundiona koyamba.

Akazi anga, Nabanda, anatsala kwawo ku Ntcheu, kumene ine ndinali mkamwini. Tinabereka mwana mmodzi, Tiyamike. Nabanda ku Joni sanafikeko. Ndikawaitana ankaseka, amvekere: "Ndipite kumene anthu amagula madzi akumwa? Nanga nkhuku zanga adziona ndani?" Ndinkapita kumudzi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ulendo uliwonse ndinkawapeza atakalambako pang'ono popanda ine kuona kuti zinayamba liti.

Uthenga unandipeza masana ndikudula mpanda wa maluwa. Anaimba ndi alamu anga a Chadza, achimwene awo a Nabanda. Anangoti, "Alamu, mlongo wanga watisiya." Pemiti yanga yogwirira ntchito inali ku ofesi, ikudikira kuwonjezeredwa masiku. Ndikanatuluka m'dzikomo popanda iyo, sakanandilolanso kulowa, ndipo Tiyamike anali asanamalize sukulu. Komanso njira ya kwathu ndi ya masiku atatu, pamene maliro ankaika mawa lake. Ndinamvera mwambo wonse pa foni, nditakhala pa ndowa kuseri kwa galaja ya bwana. Ndinamva amayi a mvano akuimba, ndinamva makasu akuyamba kukwirira, kenako mayunitsi anatha. Ndinadzuka n'kukamaliza mpanda uja.

Kuyambira tsiku limenelo ndinatsimikiza chinthu chimodzi: ngati sindinaponye dothi m'manda mwawo, ndidzaikapo mwala umene mvula siingafufute.

Mumsewu wathu munali kashopu ka mmisiri wosema miyala ya pamanda, dzina lake Jailosi. Anabadwira pa famu ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Mulanje, ndipo Chichewa chake chinali cha anthu akale, chosakaniza ndi Chishona. Ndinasankha mwala wakuda wonyezimira, wautali kufika m'chiuno mwanga. Ndinkalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, iye n'kumandilembera lisiti. Zinanditengera chaka ndi miyezi. Mawu ndinamulembera ndekha papepala: Esinati Nabanda, mayi wa Tiyamike, usani mumtendere. Tsiku limene anamaliza kusema anandiitana, n'kuthira madzi pamwalapo kuti zilembo zioneke bwino.

"Madala, uyu ngolimba kuposa inu ndi ine," anatero. "Koma musamuimiritse pa njira. Mwala umayenda chogona, ngati mwini wake."

Anandikhomera bokosi la matabwa, n'kuika masiponji okhuthala pansi, m'mbali ndi pamwamba. Chivundikiro anachimanga ndi masikuluwu, osati misomali, kuti a kasitomu akafuna kuona atsegule bwinobwino. Anandipatsanso sikuludiraiva yoti ndiyende nayo m'thumba.

Tsopano apa ndi pamene ndiyenera kunena za kulakwa kwanga, chifukwa sindine munthu wobisa.

Kwa ife a ku Joni, munthu wopita kumudzi sapita yekha. Mbiri ikangomveka kuti uje akunyamuka, aliyense amabwera ndi kaphukusi kake: sopo wa mayi, nsapato za mwana, bulangete la agogo. Kukana ndi kudzidula wekha. Amene wakana phukusi la mnzake lero ndi yemweyo adzasowe womunyamula tsiku limene adzapite kwawo ali m'bokosi. Lamulungu lomaliza ndisananyamuke, titaweruka ku tchalitchi, anthu anadzaza m'chipinda chathu, ndipo zikwama zanga ziwiri zinadzaza maphukusi asanathe. Dalaivala wa galimoto yonyamula katundu anali atanena kale kuti salola chikwama chachitatu.

A Mbewe anayang'ana bokosi la mwala, n'kuligogoda ndi chala.

"Kalaliki, ndifunseko. Masiponji ali umuwa ali ndi abale ku Malawi?"

Anthu anaseka.

"Akupita kukaona ndani? Akukwera ulere pamene bulangete la amayi anga likutsala. Chotsani masiponji, tiike mabulangete. Bulangete ndi siponji yophunzira."

Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinayang'ana nkhope za anthu aja. Ambiri mwa iwo ndi amene anabwera kudzakhala nane m'chipinda chomwecho sabata ya maliro, akundiphikira tiyi. Ndinatulutsa sikuludiraiva ndekha. Tinachotsa masiponji, tinayala mabulangete, ndipo m'mipata munalowa nsapato, sopo, zitenje, ndi botolo la mafuta ophikira limene mayi wina anakankhira pakona ine ndikuyang'ana kumbali. Ndinalemba m'kope langa dzina la aliyense ndi chimene wapereka. Koma pa fomu ya a kasitomu ndinangolemba zimene zinali ndi lisiti: mwala wa pamanda, umodzi.

Pa ulendo wa kwathu timadutsa maboda angapo. Dzina la boda imene izi zinachitikira ndalisiya dala, ndinalilemba kokwanira m'makalata. Tinafikapo dzuwa lili paliwombo, phula likununkha. Wa kasitomu anali bambo wa msinkhu wapakati, wotopa ndi kutentha. Anawerenga fomu yanga, anaona lisiti, ndipo anali atakweza kale chidindo. Kenako anayang'ana pansi pa ngolo ya galimoto. Pakona ya bokosi pankadontha mafuta.

Anagwira ndi chala n'kununkhiza.

"Madala, mwala wanu ukutuluka mafuta okazingira nsomba. Ndi wa mtundu wanji umenewu?"

Ndinamuuza zoona zonse pomwepo. Ndinamuonetsa kope langa. Ndinati zinthu za anzangazo azitenge kapena alipiritse msonkho, ine sinditsutsa, koma andilole nditsegule ndekha. Sikuludiraiva inali m'dzanja langa. Iye sanayiyang'ane n'komwe. Anaitana amuna awiri otsitsa katundu, ndipo anabwera ndi mgwala. Anakanula chivundikiro, matabwa akulira. Anatulutsa mabulangete ndi zina zonse n'kuunjika pambali. Mwala unatsala wokha m'bokosi, dzina la Nabanda likuyang'ana kumwamba.

Pamenepo ntchito yawo inali itatha. Chimene ankafuna anali atachipeza. Koma iye anati munthu wobisa mafuta akhoza kubisanso zina, ndiye mwalawo auimiritse aone kumbuyo ngati sunabooledwe.

"Bwana, chonde, mwala suimirira pa njira. Unyamuleni chogona, ndikuthandizani."

"Imani uko, madala. Musatiphunzitse ntchito."

Anautsitsa, n'kuutsamiritsa ku tayala la ngolo. Pansi pake panali ponyowa ndi mafuta aja. Mmodzi anaugogoda kumbuyo ndi mgwala kuti amve ngati uli ndi mphako. Ndinauona ukuyamba kutsetsereka. Ndinathamanga, koma miyendo ya nkhalamba. Unagwera pa mphepete mwa konkire. Sunalire mokweza ayi. Unangoti thi, ngati munthu waswa nkhuni youma, n'kugawika pawiri chopingasa.

Mayi wina amene sindimamudziwa anavula chitenje chake n'kufunditsa zidutswazo.

Sindinalire pamenepo. Ndinapempha pepala. Wa kasitomu uja analemba kuti katundu waunikidwa ndipo zinthu zosalembetsa zalandidwa. Za kusweka sanalembe. Ndinakana kuchoka pa windo la ofesi yawo mpaka mkulu wawo anatuluka. Iyeyo anali waulemu. Anandipepesa ndi pakamwa, anandipatsa fomu yopemphera chipukuta misozi, n'kundionetsa mawu a m'munsi mwake: katundu woonongekayo asungidwe mmene alili, asakonzedwe, asagwiritsidwe ntchito, kufikira woyendera atamuona. Ndinalemba mzere kunsi kwa mawu amenewo. Dalaivala anajambula zithunzi zitatu ndi foni yake, ndipo ndinakazitsukitsa.

Kumudzi anali atakonzeka. Alamu anga a Chadza anali atapempha kale chilolezo cholowera kumanda, amayi atakonola chimanga, mbuzi ili pa chingwe, abusa atauzidwa tsiku. Titatsitsa bokosi lija n'kuchotsa chitenje, Tiyamike anakhala pansi n'kuyamba kusisita zilembozo ndi dzanja. A Chadza anayang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, mwala wafika. Wasweka, inde, koma wafika. Mmisiri alipo, simenti tigula. Mlongo wanga sakawerenga ming'alu."

"Tikaumata, umboni watha. Anena kuti tisaukhudze mpaka adzauone."

"Adzauone ndani? Munthu achoke ku boda, adzafike kuno kudzaona mwala wa mkamwini?"

"Zalembedwa, alamu. Onani apa."

"Ine zolemba zanuzo ayi. Umboni wa chiyani? Woti anamwalira? Tonse tinalipo. Amene panalibe ndi inu nokha."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo m'malo mondifewetsa anandiumitsa. Ndinati Nabanda sanali munthu wa zigamba. Moyo wawo wonse anavala zosokerera kuti mwana aphunzire, ndiye pamanda pawonso ndikaike chomata? Amene anaswa alipire, ndibweretse mwala wathunthu. Ndinawalonjeza kuti pofika chaka chamawa zikhala zitatheka. Mbuzi anaipha ndithu chifukwa anthu anali atabwera kale, koma inadyedwa mwakachetechete. Zidutswa ziwirizo tinazigoneka pa matumba m'chipinda chosungira makasu, n'kuzifunditsa lona.

Nditabwerera ku Jeppestown, ena mwa eni maphukusi anandilandira ndi nkhope zolemera. Mayi wa mafuta uja anafunsa ngati botolo lake linafika. A Mbewe okha sananene nthabwala sabata yonse. Tsiku lina ndikusita malaya anadzakhala pa bedi langa n'kunena, osandiyang'ana, "Achimwene, mwala uja ndinaswa ndine." Ndinawauza kuti ayi, iwo sanagwire mgwala. Ndipo mpaka lero ndimanena zomwezo. Kulakwa kwathu kunali kwa mafuta ndi mabulangete, ndipo chilango chake tinalandira, anatilanda. Kuswa mwala ndi mlandu wina, wa anthu ena.

Ndinatumiza fomu ija pamodzi ndi makope a malisiti onse, zithunzi, ndi kalata ya Jailosi yofotokoza mmene anapakirira. Patapita miyezi anayankha kuti alandira. Kenako anati ndikalumbire kwa wolumbiritsa anthu kuti zimene ndalemba ndi zoona. Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinakaima pa mzere, ndinalumbira. Kenako anati pepala la pa boda silikunena za kusweka. Ndinayankha kuti n'chifukwa chake ndinakana kuchoka pa windo, afunse mkulu wawo. Anati mkuluyo anasamutsidwa. Kenako anati fayilo yanga yapita ku ofesi ina. Ofesi inayo inati ndiyambirenso, fomu inasintha. Kalata iliyonse ndinkaiyankha sabata yomweyo, ndi dzanja langa, n'kusunga kope. Woyendera uja sanatchulidwenso, koma palibenso kalata imene inati ndamasulidwa, ndikhoza kuumata.

Jailosi anandiimitsa pa msewu tsiku lina.

"Madala, imvani. Pali guluu wa miyala, ndikupatsani ulere. Mng'alu udzaoneka ngati ulusi basi. Kapena ndikusemereni wina wocheperako, muzilipira mmene mungathere."

"Ndilipire kawiri chinthu chimene anaswa ndi ena?"

"Eish, madala. Inu mukulimbana ndi boma, koma amene akugona panja ndi amayi."

Ndinamuthokoza n'kupitiriza ulendo. Ndinkaona ngati ndikavomera, ndiye kuti ndavomerezanso kuti munthu ngati ine akhoza kusweredwa chinthu pamaso pake, wina n'kungopukuta m'manja.

Zaka zinapita mmene zimapitira ku Joni, osaziona. A Mbewe anadwala chifuwa, utoto wa zaka zonse zija, ndipo anamwalira m'chipatala. Mapepala otumizira thupi lawo ndinayendetsa ndine, ndipo sipanasowe ngakhale limodzi. Anthu anabwera ndi timaphukusi kuti tipite ndi galimoto ya maliro. Ndinaima pakhomo n'kuwabweza onse. Ananditukwana, ena mpaka lero sandilankhula, koma a Mbewe anadutsa maboda onse osatsegulidwa.

Tiyamike anamaliza sukulu, anakwatiwa ku Kasungu. Ukwati wake ndinapitako, ndipo ndinakasuzumira m'chipinda cha makasu muja. Lona anali atadyedwa ndi makoswe, nkhuku zikuikira pakati pa zidutswa ziwirizo. A Chadza sanatchule za mwala. Anangondipatsa moni wa alendo. Chaka chotsatira nawonso anamwalira, tisanakhalepo pansi kuti tigwirizane.

Mwana wanga ndi wofatsa ngati mayi ake, koma tsiku lina pa foni anandilankhula mmene sanandilankhulirepo.

"Ababa, ine ndatopa kufunsidwa. Anzawo onse a amayi ali ndi ziliza, ngakhale za njerwa. Inu mukudikira kalata, amayi akudikira inu. Anakudikirani ali moyo, akudikireninso ali kumanda?"

Ndinati nkhaniyo yatsala pang'ono. Ndinkakhulupiriradi choncho.

Kalata yomaliza inali ya mizere inayi. Inati popeza m'bokosimo munapezeka katundu wosalembetsa, kuunika kunali koyenera, ndipo ofesi siingalipire kuonongeka kochitika pa kuunika koyenera. Nkhani yatsekedwa. Zimenezi akanatha kundiuza mwezi woyamba, chifukwa za mafuta ndinazilemba ndekha m'kalata yanga yoyamba. Anazisunga zaka zisanu ndi chimodzi. Ndipo funso langa lenileni, lakuti n'chifukwa chiyani anaimiritsa mwala bokosi litakhala kale lopanda kanthu, palibe analiyankha. Sindinawakhululukire, ndipo sindikuona chifukwa chowakhululukira.

Nthawi imeneyo maondo anali atayamba kukana makwerero a ku Jeppestown. Ndinatsanzika kwa mabwana anga, ndinapita kwa Jailosi kukatenga guluu uja. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangondionetsa kasakanizidwe kake. Ndinabwerera kumudzi ndi sutikesi yanga ndi chitini chimodzi.

Tinamata mwalawo pakhonde, ine ndi mmisiri wa m'mudzimo. Unagwirana bwino. Mng'alu unaoneka ngati ulusi, monga ananenera. Tiyamike anabwera kuchokera ku Kasungu, chilolezo chinaperekedwa, ndipo m'mawa wina tinaukweza pa ngolo ya ng'ombe, chogona, kupita kumanda. Adzukulu awiri achikulire, amene anakumba nawo manda a Nabanda, anatitsogolera.

Ine ndinali ndisanalowemo. Mkamwini salowa kumanda kwa eni popanda chifukwa, ndipo maulendo onse aja ndinkati ndidzalowa tsiku limene ndidzabweretse mwala.

Tinafika kumbali ya kumadzulo, adzukulu aja n'kuima. Anayang'anana. Mtanda wathabwa umene unali ndi dzina unadyedwa ndi chiswe kalekale. Mtengo wa msuku umene ankauyesa chizindikiro unagwa ndi mphepo, anthu n'kuuwaza nkhuni. Panali mitumbira iwiri yoyandikana, yonse yophwa, yomera udzu wofanana.

"Ndi uwu," anatero woyamba.

"Iyayi, uwo ndi wa mayi uja wobwera, amene anamwalira mwezi womwewo. Nabanda ndi uwu. Ndinakumba ndine, panali mwala pansi."

"Mwala unali pa winawo, iwe. Wakalamba."

"Akanakhalapo a Chadza, bwenzi atangoloza," anatero wachiwiri uja.

Abale a mayi wobwerayo anasamuka, palibe akudziwa kumene anapita. Ndinatembenukira kwa mwana wanga.

"Tiyamike, iwe unalipo."

Anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Ababa, ndinali kulira. Anandigwira amayi awiri. Sindinkaona kalikonse."

Tinaima pamenepo mpaka ng'ombe zinayamba kutopa ndi goli. Anakaitana amayi ena achikulire, nawonso anagawikana. Pomaliza anthu atatu analoza wa kumanja, awiri wa kumanzere, ndipo mwala tinauika kumanja. Abusa anapemphera, amayi anaimba nyimbo ziwiri. Aliyense anandigwira chanza n'kunena kuti ndagwira ntchito yaikulu.

Chaka chilichonse, mvula ikatha, mudzi umalowa kumanda kukalambula. Ndimapita ndi khasu langa laling'ono, chifukwa lalikulu sindilithanso. Ndimayamba ndi umene uli ndi mwala, ndimazula udzu, ndimapukuta zilembo ndi mpango. Ndikatha ndimakhwekhwerezera maondo pa winawo, n'kuzulanso chimodzimodzi. Pa yonse iwiri ndimanena mawu omwewo, motsitsa kuti anthu asamve: Nabanda, ndine, ndafika.